Diresi la ku Joni ndi Njala Zanga

Lolemba

Akubwera! Bambo a Chifuniro akubwera Lamulungu lino!

Amuna angatu amenewo! Zaka zitatu ali ku Joni, ine ndili m'kachipinda ka foni kano pa Chiringa, kuimbitsa akazi a eni kuti alankhule ndi amuna awo. Lero foni ikulira, ndikunyamula monga mwa masiku onse, ndiye mawu aja: "Amayi a Chifu, ndine. Katundu wafika?"

Wafikadi m'mawa uno, ndi bambo uja amanyamulira anthu zinthu kuchokera kumeneko. Muli bulangete, nsapato za Chifuniro zimene zidikire atsekere sukulu, ndi diresi. Diresi! Lobiriwira ngati masamba a nandolo, nsalu yoterera, zipi kumsana. Chibadwire sindinakhudzepo chotere.

"Mudzandichingamire pa siteji mutavala limenelo," akutero. "Ndasankha ndekha."

Ndikutseka chitseko, ndikutsitsa katani, ndikuvala. Mutu ukulowa. Manja akulowa. M'chiuno likudutsa ngakhale mokangana. Zipi ikukwera mpaka pakati pa msana, pamenepo ikuima nji. Ndikukoka, ndikubweza mpweya, ndikudumpha. Ayi ndithu.

Bambowa agulira mkazi amene anamusiya pa siteji, uja ankapalasa njinga mpaka ku Mkhumba thumba la chimanga lili kumbuyo. Mkazi ameneyo anakhala pampando wa foni tsiku lina, ndipo sanadzukeponso.

Koma Mulungu ndi wabwino! Masana kwabwera anesi a pachipatala chathu chaching'onochi kudzaimbira mwana wawo ku Zomba. Ndawaululira zonse. Akuti:

"Njala zilipo ziwiri, mayi. Ya m'mimba ndi ya pakamwa. Ya m'mimba imabwera pang'onopang'ono ndipo sisankha. Ya pakamwa imangolowa osagogoda, ndipo imatchula dzina la chimene ikufuna. Mukamva njala imwani madzi, dikirani pang'ono, kenako mudzifunse ngati mungadye mbatata yozizira ya dzulo popanda tiyi. Mukati inde, idyani, ndi njala. Mukati ayi, ndiye kuti mwangosowa chochita."

Nzeru zake! Ananenanso kena kokhudza kuti sabata imodzi sikwanira, koma apo n'kuti ndikuwerenga kale malamulo anga mumtima.

Malamulo ake:
Mandasi ayi.
Chipisi cha pachiwaya ayi.
Mtedza wa mudirowa upite kunyumba.
Madzi, madzi, madzi.
Kuyesa diresi madzulo alionse.

Ndaphika mbatata m'poto wamkulu kuti zizizire usiku. Mawa tiyamba!

Lachiwiri

Ndafika kuntchito ndi botolo la madzi ndi mbatata zozizira m'kontena. Ndikudzimva ngati munthu watsopano. Ngakhale phiri likuoneka loyera bwino lero, mitambo yonse yachoka.

Mayi Namaona, amene amakazinga mandasi pakhomo panga penipeni, akulowa ndi awiri otentha papepala monga amachitira m'mawa uliwonse. Ndikuti, "Lero ayi, zikomo." Akundiyang'ana, akuyang'ana mandasi awo, akuwanunkhiza. "Avuta chiyani?" Ndikuti sanavute. Atuluka chammbuyo.

Njala yoyamba. Ndikumwa madzi. Ndikudikira. Ndikudzifunsa: kodi ndingadye mbatata yozizira popanda tiyi? Yankho likubwera msanga: inde. Choncho ndi njala yeniyeni. Ndikudya imodzi.

Njala yachiwiri, dzuwa lisanakwere n'komwe. Madzi. Funso. Inde.

Yachitatu, inde.

Pofika masana kontena yayera. Apa ndazindikira vuto limene anesi sanaliganizire: ine mbatata yozizira ndimaikonda. Ndinakulira yomweyo. Kwathu inkakhala ya mwayi ukaipeza m'mawa achimwene asanaione. Funso limeneli angalephere ndi anthu a m'tauni, osati ine.

Komabe ndaphunzira kanthu, ndipo ndasangalala nako. Foni ikamalira, anthu ali pamzere, m'mimba mumakhala zii. Ikangoti chete, dzanja limapita lokha kudirowa kumene kumakhala mtedza. Lero lapitako kangapo n'kupeza mulibe kanthu, n'kubwerera lamanyazi. Ndiye kuti chimene chimamva njala ndi dzanja, osati mimba! Ndikufuna ndikauze anesi, mwina sanazimvepo.

Za madzi: ndamwa botolo lonse, ndadzazanso, ndamwanso. Chimbudzi chili kuseri kwa msika. Ulendo wina ndikubwerera ndikupeza agogo ena aimirira pakhomo ndi ndodo yawo, akuti foni yalira mpaka yatopa, ndipo anali mwana wawo wa ku Lilongwe amene anapangana naye. Andikalipira m'Chilomwe. Ndamva theka, koma theka limenelo linakwana.

Madzulo: zipi yaima pomwe paja. Mwina yakwera dzino limodzi. Ndikuti yakwera!

Lachitatu

Msika! Mbatata ndazichotsa pamayeso. Funso latsopano, lopeka ndekha: kodi ndingadye deya wosaphika? Yankho ndi ayi nthawi zonse. Ndiye kuti chiyambire m'mawa sindinamvepo njala yeniyeni. Ndikunyada kwambiri!

Koma tsiku la msika ndi nkhondo. Anthu akumidzi amabwera kudzaimba foni, ndipo sabwera chimanjamanja. Poti ndimawasungira mauthenga a abale awo sabata yonse, amandithokoza ndi zimene ali nazo. Lero patebulo pafika:
chinangwa chophika,
nthochi zakupsa,
nandolo wamuwisi wowiritsa m'makoko mwake, wamchere,
matemba okazinga,
thobwa m'kabotolo.

Ndikukana chilichonse mwaulemu. Akuumirira. Ndikuti, "Ndidya kunyumba." Akusiya patebulo. Tsopano ndakhala pakati pa chakudya ngati wogulitsa.

Mphepo nayo ikuchokera kwa mnyamata wa chiwaya, fungo la chipisi likulowa pawindo molunjika. Ndikutseka mphuno ndi mpango. Mayi Namaona akusuzumira nthawi yomweyo. "Fungo la mafuta likukunyansani?" Ndikugwedeza mutu kuti achoke. Ayang'ana botolo langa la madzi, ayang'ana pamimba panga, apita.

Ndatulukira njala yachitatu imene anesi sakuidziwa: njala ya makutu. Munthu akamalankhula pafoni nkhani yokoma, ine ndimatafuna kuti ndioneke ngati sindikumvetsera. Lero mayi wina akufunsa mwamuna wake ku Blantyre kuti mkazi amene anayankha foni sabata yatha ndi ndani. Mwamunayo akuti ndi mlongo wa mnzake. Mayiyo akuti, "Mlongo wa mnzanu amakutchulani kuti adadi?" Ine maso ali pakalendala, nkhope ya munthu wosamva. Atatuluka ndikuona makoko a nandolo mulu patebulo. Sindikukumbuka ngakhale kumenya limodzi.

Nandolo ndi ndiwo zamasamba, pafupifupi. Sindikumuwerengera.

Matemba ndinangolawa kuti ndidziwe ngati asungika mpaka Lamulungu. Sakanasungika.

Madzulo: zipi yabwerera dzino lija.

Lachinayi

Chiperoni. Phiri lonse labisala, mvula yowaza, kuzizira kolowa m'mafupa. Ndipo foni yafa. Ndikunyamula, mulibe ngakhale kulira kuja. Akuti mtengo wagwera nthambo kwinakwake.

Palibe kasitomala. Palibe nkhani. Ine, mpando, ndi khoma.

Sindikugwa mphwayi! Lero ndiye tsiku labwino lophunzitsa dzanja mwambo. Ndabwera ndi ulusi ndi koroshi kuti ndiluke kansalu ka patebulo kolandirira bambo. Dzanja likakhala pantchito silipita kudirowa.

Zikuyenda! Mizere ingapo yatheka, sindinaganizeko za chakudya.

Ndanama. Ndikuluka ndikuganiza za futali.

Ndasesa. Ndapukuta foni yakufayo. Ndawerenga nyuzipepala yakale imene anakulungira sopo, mpaka za maliro a anthu osawadziwa. Ndikumva kanthu m'mimba. Ndikuima, ndikumvetsera bwinobwino monga anandiphunzitsira. Kodi ndi njala? Kodi ndi kuzizira? Kodi ndi kusungulumwa? Zonsezi zimakhala malo amodzi, pansi pa nthiti, ndipo zimalankhula mawu ofanana. Munthu uzisiyanitsa bwanji?

Mzimbe si chakudya. Umatafuna n'kulavula, cholowa ndi madzi okha, ndipo anesi anati madzi ndimwe ambiri. Ndagula umodzi. Ndagulanso wina poti woyambawo unali ndi mfundo zambiri.

Chodabwitsa: anthu ayamba kundipatsa moni wachilendo. Mkazi wa mugolosale akuti, "Mwadzuka bwanji, nanga m'thupimo?" Mayi wogulitsa tomato akundiuza kuti ndisamanyamule ndowa yodzaza. Mayi Namaona abwera ndi malambe, akuti, "Zowawasa ndiye zimalowa nthawi ngati imeneyi." Ndalandira. Anthu a pa Chiringa ndi achikondi, aona kuti ndikulimbana ndi thupi ndipo akundilimbikitsa!

Madzulo sindinayese diresi. Kukuzizira, ndipo nsalu imafupika kukazizira.

Lachisanu

Mayo ine!

Apongozi afika m'mamawa kuchokera ku Mkhumba, pakaliyala wa njinga, dengu pamiyendo. Mayi ake a bambo a Chifuniro enieni, amene sabwera pa Chiringa popanda maliro. Sanapite kunyumba, alowa m'kachipinda ka foni, atseka chitseko okha, akhala pabenchi la makasitomala. Moni wake waufupi.

"Ndamva kuti mukukana chakudya."

Ndikuti ndi zoona.

"Ndamva fungo la mafuta likukudwalitsani. Mukuthamangira kuseri kawirikawiri. Mukudya malambe. Dzulo mumaluka tinsalu ta mwana."

Apa m'pamene zinanditsekukira. Mayi Namaona! Msika wonse! Moni uja! Mwamuna ali ku Joni zaka zitatu, mkazi akutseka mphuno pachiwaya. Nkhani yakwera njinga mpaka ku Mkhumba, ndipo kumeneko yafika ili ndi miyezi inayi.

Ndikufuna kuseka, ndikufuna kulira. Apongozi sakuseka. Maso awo ali ofiira, zikuoneka kuti sanagone. "Mwana wanga akufika mkuja. Ngati pali kanthu mundiuze ine poyamba, ndisadzamvere pa siteji. Ndipo ngati si zimenezo, ngati ndi matenda awa atha anthuwa, mundiuzenso. Sindikutayani."

Mawu otsirizawo andilasa. Ndawagwira dzanja, ndatseka ntchito, tapita kunyumba, ndatulutsa diresi m'sutikesi. Ndavala pamaso pawo. Ndatembenuka kuti aone msana.

Ayang'ana zipi ija. Kenako kuseka! Sindinawamvepo akuseka chotero, mpaka kugwira khoma, mpaka kutsokomola. "Ndi zimenezi? Mwasokoneza mudzi wonse chifukwa cha zipi?" Ayesa kukoka okha, bondo lawo lili pamsana panga, ine ndagwira mphuthu ya chitseko. Zipi yakwera pang'ono n'kuluma mnofu. Ndakuwa. Aleka.

"Mwana wanga uja ndi bambo ake enieni," akutero. "Anandigulira nsapato zoti ndikanalowetsa mapazi onse awiri m'imodzi."

Kenako avundukula dengu. Kalongonda, nyemba zathu zija zophika tsiku lonse, zimene amadziwa kuti ndimazifera. Nkhuku yowotcha. Chigumu. Anabwera nazo ngati mayeso: ndikakana, ndiye kuti nkhani ija ndi yoona.

Ndiye ndikanatani? Ndadya kuti ndiyeretse dzina langa. Ndadya pakhonde, poyera, kuti odutsa aone. Ndawonjezera kachiwiri chifukwa mkazi wa mugolosale amadutsa mochedwa ndipo sanaone koyamba. Funso la deya sindinadzifunse. Iyi sinali njala ya m'mimba kapena ya pakamwa, inali ya umboni.

Titatha kudya ndinapita kwa mayi Namaona. Akuti, "Ine ndinangoti mwina." Ndagula mandasi awiri n'kudya pomwepo ndikuwayang'ana m'maso.

Loweruka

Nzeru zatsopano, za apongozi: ngati munthu sakuchepa, diresi likule. Bwanji sindinaganize zimenezi Lolemba?

Tapita kwa a Muhiwa, atelala a pakhonde la sitolo. Ayeza ine, ayeza diresi, ayezanso ine, akuimba kamluzu. Akuti aika nsalu m'mbali monsemu, kuchokera kukhwapa mpaka m'chiuno, ndipo palibe adzadziwe. Ndibwere madzulo.

Komabe ndalumbira kuti lero ndiwathandiza atelalawo. Sindidya kanthu mpaka dzuwa kulowa. Foni ikadali yakufa, choncho tsiku lonse ndi la kunyumba:
kuzira pakhonde,
kuchapa makatani,
kukwecha mapoto ndi mchenga,
kutulutsa matiresi padzuwa,
kulambula njira yonse kuchokera kumsewu,
kutunga madzi kumjigo maulendo osawerengeka.

M'mawa wonse sindinaganizeko za chakudya. Ngakhale kamodzi! Dzanja lili ndi tsache, mutu uli ndi nyimbo. Apongozi akuti ndikhale pansi ndimwe phala, ndikuti ayi, ndili bwino, ndili ngati mtsikana!

Dzuwa litapendeka ndili pamjigo, ndikupopa, mwadzidzidzi chogwirira chikundipulumuka m'manja. M'makutu mukulira. Mijigo ikuoneka iwiri. M'mimba simukupempha, mukulamula, ndipo simukutchula mandasi kapena chipisi kapena dzina lililonse. Ndakhala pansi pamatope. Mtsikana wina amene amadikira kutunga anali ndi chinangwa chachiwisi, chodyedwa ndi mbuzi mbali imodzi. Ndapempha. Ndadya ndi makoko omwe.

Ndiye ndi imeneyi! Ndaipeza! Sabata yonse ndakhala ndikufunsa kuti kodi iyi ndi yeniyeni, kodi iyi ndi yeniyeni. Yeniyeniyo ikafika sufunsa. Ndinaidziwa kale ndili mwana, chaka chimene tinkagona ndi madzi otentha okha, koma mpando uja unandiiwalitsa. Ndabwerera kunyumba ndikusangalala ngati ndatola ndalama, matope ali kumbuyo konse. Apongozi angondiyang'ana n'kundipatsa mbale.

Madzulo kwa a Muhiwa. Diresi latheka. Likulowa! Zipi ikukwera mpaka m'khosi ngati ikutsetsereka pamafuta!

Koma nsalu yobiriwira yofanana analibe. Imene anapeza ndi yotsala pa kampeni, ya chipani china, ija imakhala ndi nkhope ya munthu. Akuti anadula mosamala kupewa nkhopeyo. Anayesetsa. Kumanzere kwanga kuli khutu. Kumanja, pamwamba pa chiuno, kuli diso limodzi ndi chidutswa cha tayi.

"Mukatsitsa manja sizikuoneka," akutero a Muhiwa.

Ndiyenda manja ali pansi. Mawa! Mawa!

Lamulungu

Kutchalitchi ndaimba manja ali m'mbali ngati msilikali. Mayi wa kumbuyo kwanga anasuntha malo pakati pa ulaliki, akuti chinachake chimamuyang'ana.

Pa siteji kuyambira masana, ine ndi apongozi. Matola yoyamba, palibe. Yachiwiri, mbuzi ndi matumba a fetereza. Dzuwa likupendeka. Sindinadye, sindinafunenso.

Yachitatu ikuima. Akutsika bambo wina woonda, jekete likulendewera m'mapewa, fumbi mpaka m'nsidze. Ndikuyang'ana kumbuyo kwake kufuna mwamuna wanga. Apongozi ndiwo ayamba kulira.

Ndi iwowo. Khosi latalika, masaya alowa. Ndaiwala za manja, ndawakweza onse awiri, khutu ndi diso zaonekera siteji yonse. Ponyamula chikwama chawo ndamva kuti thee kumsana. Zipi yapita, ulendo uno mpaka kalekale. Apongozi andifunditsa chitenje chawo.

Bambo a Chifuniro akuti basi inawafera m'tchire ku Mozambiki, ndipo chichokere kumeneko alawa mabisiketi okha ndi madzi. Koma kuonda kumeneku si kwa ulendo wokha. Panjira akundiuza pang'onopang'ono: ntchito ya m'munda wa maluwa kwa bwana wina, kachipinda kogona anthu asanu, buledi ndi tiyi m'mawa, buledi ndi tiyi madzulo, kuti ndalama zizibwera kuno. Pafoni ankangoti zonse zili bwino.

Kunyumba ndawaikira mpunga, nkhuku, kalongonda wotsala, nandolo. Asamba m'manja, apemphera mwachidule kuposa kale lonse. Akudya osasankha, maso ali m'mbale. Ine ndakhala pambali ndikungoyang'ana.

Pakati pake aima. "Inu simukudya?"

Ndikuti ndilibe njala. Ndipo ndi zoona, koyamba sabata yonse ino ndikutsimikiza.

"Zaka zitatu ndadya ndekha, choimirira," akutero. "Tengani mbale."

Ndatenga mbale.

Za diresi ndawaonetsa pambuyo pake, zipi yothyoka, khutu, diso, zonse. Aseka mpaka kugona chagada pamkeka. Akuti m'sitolo muja anawafunsa saizi, iwo sankadziwa, ndiye anangopinda manja m'malere monga ankandikumbatira potsanzikana, n'kuuza wogulitsayo kuti, "Chonchi." Kenako andiyang'ana bwinobwino kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Koma mwasungika, amayi a Chifu. Ndinkaopa kuti ndikupezani ngati ine."

Basi. Diresi lipita kwa Chifuniro, a Muhiwa akachotse munthu wawoyo. Botolo la madzi ndathiramo palafini. Anesi ndikawauza kuti njira yawo ndi yabwino, inalakwa ndi sabata.

Apongozi alamula kuti mwana wawo anenepe Khirisimasi isanafike, ndipo akuti munthu sanenepa akamadya yekha. Ndiye kuti ntchito imeneyi ndi ya awiri. Mawa ndidzuka molawirira, ndikauze mayi Namaona kuti kuyambira tsopano azibweretsa mandasi anayi.